Mutu 6: Wailesi Pamwamba pa Chigafa

1. Malo amodzi

Pa Boma la Lundazi anthu samukhulupirira munthu wobwerera kwawo ali bwinobwino. Ukabwerako ku Lusaka uli wodwala amakumvetsa. Koma ukabwera ndi miyendo yako, thupi lili see, n'kunena kuti wabwera kudzakhala, amayamba kufunsana kuti kodi unalakwa chiyani kumeneko.

N'zimene zinawaonekera mayi Petronella Chipeta. Iwo anabadwira ku Chikomeni, anaphunzira zamagetsi ku yunivesite, kenaka anagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri kunja kwa dziko m'fakitale yopanga mafoni ndi mawailesi. Tsiku lina anangotulukira pa Boma ndi mabokosi a zida, n'kutsegula wekishopu kuseri kwa msika. Mmenemo ankapanga timawailesi toyendera mphamvu ya dzuwa, tokhala ndi nyali komanso pobayira foni kuti ilowe moto.

Anthu ankagula ndithu, poti katunduyo anali wabwino, koma pakamwa sipankatsekeka. Ena ankati mayiyo anachita kuthamangitsidwa. Ena ankati kanyali kofiira ka pawailesipo ndi diso loona zochitika m'nyumba za anthu. Wonena za disoyo ukamutsatira kwawo unkamupeza akumvera mpira pa wailesi yomweyo.

Pa tchuthi cha mwezi wa Epulo, mayi Chipeta anatenga ana asukulu anayi kuti aziphunzira ntchito. Mmodzi mwa iwo anali Temwani Zgambo, mtsikana wa giredi 11 wochokera ku Magodi. Anawauza poyera kuti mmodzi yekha ndiye adzatsale, ndipo ameneyo akadzamaliza sukulu adzamutumiza ku koleji kukaphunzira uinjiniya.

Temwani ankawafuna malowo ndi mtima wake wonse. Manja ake anali ofulumira kuposa a anzakewo, ndipo vuto lake linali loti iye mwini ankadziwa zimenezo.

2. Kabolodi kobiriwira

Tsiku loyamba lomwe, mayi Chipeta anatsegula wailesi imodzi n'kuwaonetsa batire. Pamutu pa batirelo panali kabolodi kobiriwira, kochepa ngati chikhadabo.

"Ana inu, mvelani bwino, cifukwa izi sindizakambanso kawili," anatero. "Batile ili si lija la makolo athu loponya mu tochi. Lija likatha linali kungogona. Ili lili na mkwiyo. Likadya moto wopitilila, kapena likatentha kwambili, limatupa, ndipo likatupa limayaka. Moto wake madzi a mu ndowa suwamva. Manje kabolodi aka ndiye kamaliuza kuti wakhuta, leka. Kakamva kutentha kamadula. Makasitomala azabwela ati wailesi ikuzima msanga, cotsaniko ako. Musacotse. Ngakhale akhale amene anakubalani, musacotse. Amene ndizamupeza wacotsa, kapena waika batile limene sindinapime ine, azatuluka pa citseko apo tsiku lomwelo, ndipo sindizafunsa kuti ni mwana wa ndani."

Onse anayi anagwedeza mitu. Temwani ndiye anagwedeza kwambiri.

Loweruka Temwani anapita kumudzi. Kumeneko ankakhala ndi amalume ake, a Haswell Zimba, amene anamulera kuchokera pamene bambo ake anamwalira. Iye ankawaitana kuti asibweni, monga aitanira amalume kwawoko. A Zimba anali mlimi wa fodya, ndipo wailesi ya mayi Chipeta anali nayo.

"Iwe muphwa wanga," anatero atangomulonjera, "ukuphunzila vici kwa Anyachipeta, amama a mawailesi aja, ngati wailesi ya asibweni wako ikukomoka nkhani zili pakati? Kapena kumeneko umangosesa?"

Mawuwo anamubaya Temwani. M'chikwama mwake munali mabatire awiri amene anasolola mu laputopu yakufa, yotayidwa ndi wokonza mafoni wina pamsika. Anatsegula wailesi ija n'kuwalumikiza onse awiri ndi waya. Malo anachepa, chivundikiro chinakana kutseka, ndiye anadula kabolodi kaja n'kukaponya patchire.

Wailesi inaimba masiku awiri osapuma. A Zimba anasangalala kwabasi, mpaka anasiya dzina la Temwani n'kumamuitana kuti injiniya. Iye anawapempha kuti asauze munthu, ndipo iwo analonjeza.

3. Lachinayi masana

Tsono a Zimba anali ndi chizolowezi chawo. Kuyambira ali mnyamata, mabatire a wailesi akafooka ankawayanika padzuwa pa lata ngati chinangwa, ndipo ankalumbira kuti akatero amadzuka. Anthu ambiri a msinkhu wawo ankachita chimodzimodzi. Poti batire la wailesi yatsopanoyi silinkatuluka, iwo ankangoyanika wailesi yonse. Ankaiika pa kachidutswa ka lata lakale pamwamba pa chigafa, chisakasa cha udzu choumitsiramo fodya, kuti mbuzi zisaifikire, n'kuibaya ku sola yake.

Patapita masabata awiri, Lachinayi masana, foni ya Temwani inalira ali mu wekishopu. Anali mayi Ennie, akazi a amalume ake, ndipo ankalira.

"Temwani, cigafa capya! Fodya yose wapya! Asibweni wako akuti ni a Mtonga, aneba athu, awocha, koma ana akuti moto wayambila pa wailesi."

Foniyo inali yofuula, moti aliyense anamva. Temwani anaika pansi chowotcherera waya. Mayi Chipeta anavula magalasi n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Ni wailesi yathu?"

"Ee, madamu."

"Tenga cikwama cako. Tipita tonse."

Anakwera kagalimoto kawo kakale n'kulowera njira ya ku Magodi. Temwani ankangoyang'ana minda ya chimanga chouma ngati akuiona koyamba.

"Asibweni ako anaipelekapo kwa wokonza wina?" anafunsa mayi Chipeta.

"Sindidziwa, madamu."

"Sudziwa." Anasintha giya, n'kumuyang'ananso cham'mbali. "Ndikuuze cinthu cimene sindikamba kawilikawili. Ku fakitale kuja ndinali mkulu wa mabatile. Caka cina mabwana anafuna foni yatsopano ituluke Khisimasi isanafike. Tumabolodi twabwino tunacedwa, anabweletsa twina tochipa, ati saina cabe, tizakonza kutsogolo. Ndinapima tuwili, tunagwila, ndinasaina. Patapita miyezi inayi foni imodzi inayaka pa bedi pa munthu. Munthu uja sindinamuonepo, koma dzina lake ndimalidziwa mpaka lelo. Palibe anandimanga, palibe anandithamangitsa. Ndinacoka ndekha, cifukwa sindinali kukwanitsanso kusaina ciliconse. Cinthu ukapanga, Temwani, cimakalowa mu nyumba ya munthu iwe kulibe. Cimakhala pafupi na mwana wake, pafupi na cakudya cake. Iye sadziwa zili mkati. Wadalila iwe."

Temwani anati, "Ee, madamu," n'kuyang'ananso kunja.

4. Pa phulusa

Anafika dzuwa likadali pamutu. Pomwe panali chigafa panatsala mitengo yakuda ndi phulusa lofuka, ndipo fungo la fodya linali ponseponse. Fodya wa chaka chonse, wongodikira kumangidwa m'mabelo, anathera pomwepo.

Anthu anali atazungulira. Pakati pawo panaima a Conrad Mtonga, mnansi wa a Zimba woweta ng'ombe, ndipo anyamata awiri anali atagwira njinga yawo kuti asachoke.

"Monile mose," analonjera mayi Chipeta m'chinenero cha kumeneko. "Phepani comene, a Zimba."

Anayankha ndi ochepa. Amayi ena anakodolana n'kusunthira kutali pang'ono. A Zimba anangokweza dzanja, n'kupitiriza zomwe ankanena.

"Inu anthu mundimvele. Ine ndalima fodya pano zaka makumi atatu, cigafa canga sicinapsepo yayi. Caka cino ndayambana na munthu mmodzi cabe, ndipo caka comweci capsa. Mu Januwale ng'ombe zake zinaponda mizele yanga. Nditadandaula anandiuza pamaso pa ana kuti fodya uyu sindizamugulitsa. Anakamba kapena sanakambe? Lelo m'mawa wadutsa pano na ng'ombe zake, njila ya ku dambo waisiya uko. Ana inu phunzilani. Munthu akakulonjezani coipa musamaseke, muzisunga mu mtima. Uyu tipita naye ku khoti ya mfumu."

"Ndinakamba na mkwiyo cabe, a Zimba," anayankha a Mtonga. "Funsani ana awa. Utsi unayambila pamwamba. Munthu wofuna kuwocha amayamba wakwela pa denga? Pamwamba paja panali wailesi ya amama awa."

Mitu yonse inatembenukira kwa mayi Chipeta. Anthu a pamudzi sachedwa kusintha wokayikira, makamaka pakapezeka wina wobwera pa galimoto.

Mayi Chipeta sanadziteteze. Anapempha khasu, n'kuyamba kupalasa phulusa pang'onopang'ono pomwe panagwera lata lija. Posakhalitsa khasu linagunda chitsulo. Anatola ndi nsalu timachubu tiwiri takuda, tomangidwa pamodzi ndi waya. Kamodzi kanali kataphulika kumutu.

"Temwani, bwela. Ukuona ciani?"

"Mabatile, madamu."

"Angati?"

"Awili."

"Ife timaika angati?"

"Limodzi."

Anapalasanso malo onsewo, koma chimene ankafuna sanachipeze. Anaimirira n'kupukuta manja.

"Musiyeni njinga yake bambo uyo, alibe mlandu," anatero. "Moto wayambila apa. A Zimba, wailesi munali kuiika kuti masana?"

"Pa lata, pa dzuwa, kuti batile lidzuke. Ni mmene ticitila."

"Ndiye cifukwa cake inali kuzima msanga. Lata likatentha, kabolodi kanali kudula moto kuti kakutetezeni, batile osadzala. Kanali kugwila nchito yake. Manje kabolodi kaja mulibe, ndipo mabatile awa si anga. Wailesi iyi inatsegulidwa. Anatsegula ndani?"

5. Yankho la amalume

A Zimba anayang'ana timachubu tija. Kenaka anayang'ana Temwani, ndipo nkhope yawo inasintha. Anali atazindikira tsopano. Anapukusa mutu pang'ono chabe, moti anaona ndi Temwani yekha.

"Palibe anatsegula," anatero. "Ndinagula ili conco."

"Mukutsimikiza, a Zimba?"

"Ndakamba. Ine sindine mwana."

Pomwepo phokoso linabuka. Wina anakuwa kuti ankanena kale za mawailesi amenewa. Mayi wina anati yake akaiponya m'chimbudzi lero lomwe. Mnyamata mmodzi mwa aja anasiya njinga ya a Mtonga n'kukaima kutsogolo kwa galimoto, akuti mayiwa sachoka mpaka afotokoze chimene anabweretsa kuchokera kunjako. Wina anali atayamba kale kujambula ndi foni.

Mayi Chipeta anaima chilili pakati pa phulusa, nsalu ili m'manja. Sanamuloze Temwani, sanamuyang'anenso n'komwe.

Njira yothawira inali poyera. A Mtonga anali atapulumuka. Amalume anali atanama kale, ndipo munthu wamkulu akanama pagulu mwana samutsutsa. Temwani akanangotseka pakamwa, mawa lake akanakhalanso pa benchi yake mu wekishopu, ngati wekishopuyo ikanakhalapobe.

"Ndine."

Mawuwo anamira m'phokoso. Anachita kubwereza mokweza, misozi ili m'maso.

"Ndine ndinatsegula! Madamu anatiletsa, koma ndinaika mabatile a mu laputopu, kabolodi ndinadula ndekha. Asibweni akunditeteza cabe."

Uja wa foni anatsitsa dzanja. Mnyamata wa pagalimoto uja anachokapo mwakachetechete ngati amangodutsa.

"Khala cete iwe mwana," anatero a Zimba, koma mawu awo analibe mphamvu. Anakhala pansi pa chitsa, chipewa chili m'manja. "Fodya wapita kale. Manje wataya na sukulu yako ya uinjiniya. Ndizatsala na vici ine?"

Temwani anagwada patsogolo pawo. "Phepani, asibweni."

Zinali zomvetsa chisoni kuona bambo wamkulu chotero, amene m'mawa mwake anali ndi chigafa chodzaza, akusowa poyang'ana. Patapita nthawi anadzuka, n'kupita pomwe panali a Mtonga, n'kuwapatsa dzanja mutu uli pansi. A Mtonga analandira dzanjalo, koma sanaseke. Anakwera njinga yawo n'kumapita.

6. Funso lina

Anthu atayamba kubalalika, mayi Chipeta anamuitanira Temwani kuseri kwa galimoto.

"Ndinadziwa nditangoona mfundo ya waya," anatero. "Mwa ana onse anayi, amene amapota waya kawili conco ndiwe wekha. Ndinafuna ndione ngati uzakamba. Wakamba, ndipo wacita bwino. Koma usaganize kuti kukamba kwabweza fodya wa asibweni ako. Ndinakuuzani tsiku loyamba, ndipo anzako atatu aja anamva. Ndikakusiya iwe, mawa wina azadula kabolodi cifukwa agogo ake adandaula. Usabwelenso ku wekishopu."

Temwani analira mosabisa. Malo aja anali atawagwira kale m'manja, ndipo anawataya yekha.

Mayi Chipeta anakulunga timachubu tija m'nsalu n'kutiika kumbuyo kwa galimoto. Anatsegula chitseko, phazi limodzi lili kale m'kati, kenaka anaima. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Temwani. Mu laputopu simukhala mabatile awili cabe. Ena aja ali kuti?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa. Wailesi unatsegula ni iyi yokha?"

"Yayi, madamu."

"Zingati?"

"Zina ziwili. Anzanga a ku sukulu anamva ya asibweni ikuimba osazima, ananyengelela. Sabata yatha ndinawakonzela."

"Zili kuti?"

"Imodzi ili kwa a Philemon, kutsidya kwa dambo. Ina ni ya Abigail." Temwani anakweza mutu. "Anakapatsa agogo ake ku Mwase. Agogowo saona, ndiye wailesi imawacezetsa. Amakhala okha masana onse, mu nyumba ya udzu."

"Foni ali nayo?"

"Alibe. Ya Abigail inagwa mu madzi."

Mayi Chipeta anakweza maso kumwamba. Kunalibe mtambo ndi umodzi womwe, ndipo chitsulo cha galimoto chinkawotcha osagwirika. Anazungulira mofulumira, n'kutsegula chitseko cha mbali inayo.

"Kwela," anatero. "Sindinakukhululukile. Koma nyumba izo uzidziwa ndiwe wekha."